Dzanja Lamanja la Tavion Birdsong

Pamene Sajeni Renata Kowalik ankafika ku jimu ya pa msewu wa Foundry, magazi anali asanaume pabenchi. Dzuwa linali litangotuluka kuseri kwa mafakitale akale a mumzinda wa Delmont, koma atolankhani anali ataunjikana kale pakhomo ngati ntchentche pachilonda.

Wovulalayo anali Tavion Birdsong, ndipo mu Delmont munalibe munthu wosalidziwa dzinali. Anali mwana wa mumzinda momwemo, woponya wa timu ya ku yunivesite pa mpira uja woponyerana ndi manja, osewera akugwetsana. Ankatha kuima pakati pa bwalo, zimphona zikumuthamangira, n'kuuponya mpirawo mpaka kumapeto ngati akupatsira mnzake mchere patebulo. Madzulo a tsiku limenelo matimu a ligi yaikulu ankasankha osewera atsopano mosinthanasinthana, kuyambira timu imene inachita moipitsitsa chaka chathacho. Aliyense ankadziwa kuti dzina la Tavion lituluka loyamba. Koma tsopano mwini dzinayo anali kuchipatala, dzanja lake lamanja litaphwanyika ngati nzimbe yotafunidwa.

Kowalik anayendayenda m'chipindamo manja ali m'matumba. Loko wa chitseko anali bwinobwino. Kamera ya pakona wina anaiveka sokosi. Pansi pa benchi panali chitsulo cha mitu iwiri, chija amanyamula ndi dzanja limodzi pokhwimitsa mikono. Pambali pake panali thawulo lopindidwa bwino, lonyowa ndi malovu, mano ataboola pakati. Ndipo pawindo, kutali ndi magazi onsewo, panali wotchi yagolide itagonekedwa mosamala.

Anaiyang'ana wotchiyo kwa kanthawi, kenako anatembenukira kwa munthu amene anakhala pa mpando wa pakhomo, mutu uli pansi. Ameneyu anali Lamont Birdsong, mkulu wake wa Tavion, yemwenso ankamuyendetsa pagalimoto ndi kumunyamulira zikwama.

"Tandiuzeni mmene zayendera, bambo Birdsong."

"Ndawauza kale anzanu aja."

"Anzangawo si ine."

Lamont anapuma mwamphamvu. "Tinafika kuno m'mamawa, monga mwa masiku onse. Mwini jimu anatipatsa kiyi. Ine ndinawoloka msewu kukagula khofi kwa a Dolores. Pobwera ndinangomupeza ali pansi akugubuduzika. Akuti munthu anamudzera kumbuyo ataphimba nkhope."

"Mng'ono wanu ndi chimunthu. Munthu mmodzi angamugwire bwanji dzanja n'kulikhazika pabenchi, iye ali phee?"

"Ndiye mukufunsa ine? Ndati ine kunalibe. Pitani mukafunse Rusty Pavlik. Nkhalamba imene ija ikudziwa kuti Tav akangolowa mu ligi, iyo basi ikagulitse matayala."

"Atolankhaniwa mwawauza chiyani?"

"Kuti wavulala dzanja."

"Dzanja liti?"

"Sindinanene."

"Musanene," anatero Kowalik. "Ngakhale kwa abusa anu."

Asanakwere galimoto anaimbiranso a kuchipatala n'kuwauza chimodzimodzi.

*

Rusty Pavlik anali ataponyera timu ya Delmont kwa zaka zambiri, ndipo thupi lake linali litatha ngati galimoto yahayala. Kowalik anamupeza ku malo ophunzirira a timuyo atagona patebulo, bondo litatupa ngati dzungu, dokotala akulipopa madzi ndi jakisoni.

"Ine?" Pavlik anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi, tangoonani bondoli. Ndikafuna kupita kuchimbudzi ndimayamba ndapemphera. Ndiye ndikagwetse mwana wonga ng'ombe uja? Afunseni adokotalawa. Akhala akundibaya chitulukire dzuwa, ndipo akusangalala nazo."

Dokotalayo anagwedeza mutu osasiya ntchito yake. Alonda a pageti nawonso anali atanena kale kuti Pavlik analowa kukadali mbuu ndipo sanatulukenso.

"Komatu Tavion akanakulandani malo," anatero Kowalik.

"Akanafika bwanji kuno? Mpira mumaonera inu? Ife chaka chatha sitinachite bwino, koma sitinachitenso moipa mokwanira. Pali matimu ambirimbiri osankha ife tisanatsegule pakamwa. Mwanayo amatengedwa ndi oyamba aja, a kunyanja ya kumadzulo, kumapeto kwa dziko. Ife tikanangonunkhiza."

Dokotala anazula jakisoni, Pavlik analuma mano. Atapeza mpweya analankhula motsitsa, kuseka kuja kutatha.

"Koma pali chimodzi. Sabata yatha Haverty, bwana wosankha osewera uja, anandiitana. Zaka zonse ndamuthyokera mafupa, osandipatsa ngakhale mpando. Akuti, 'Rusty, uchotse katundu wako m'kabati.' Ine ndinati, muikamo ndani, poti woponya weniweni chaka chino ndi mmodzi yekha ndipo simungamufikire? Mukudziwa chimene anayankha?"

"Ndiuzeni."

"Anangomwetulira. Akuti, 'Zipatso zina zimagwa zokha.'"

*

Gil Haverty, bwana wosankha osewera a timu ya Delmont, anali m'chipinda chopanda mawindo chimene khoma lake linadzaza makadi a mayina a anyamata. Anthu ake anali pa mafoni. Iye ankadya sangweji ataimirira, ndipo sanataye nthawi ndi moni.

"Sajeni, lero ndi tsiku limene ndimagula nyama ya chaka chonse. Nenani msanga."

"Nyama?"

"Onani apa." Analoza khomalo ndi sangweji yakeyo. "Ndikufuna zimphona ziwiri zotchinga kutsogolo, chifukwa zimene ndili nazo zimagwa ndi mphepo. Ndikufuna wothamanga mmodzi woti ndimufinye zaka zingapo, miyendo ikatha ndimutaye. Ndipo ndikufuna woponya. Uyu mkono ali nawo koma m'mutu mulibe kanthu. Uyu nzeru ali nazo koma bambo ake anafa ndi mtima, ndiye magazi ake sindiwakhulupirira. Uyu mkazi wake ndi woyembekezera, maganizo ake ali ku matewera. Ntchito yanga ndi imeneyi, ndipo ndikalakwitsa, mawa anthu a mumzinda uno anditentha."

"Nanga Birdsong?"

Khadi la Tavion linali pamwamba penipeni. Haverty analiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira galimoto imene walipira kale.

"N'zachisoni, zachisoni kwambiri. Koma anzangawa ndi amantha. Angomva kuti dzanja, dzanja, basi abalalika ngati nkhuku zaona mphamba. Amusiya onsewo. Ine sindithawa. Kachala kakang'ono ka kumanzere n'chiyani kwa munthu woponyera kumanja? Masabata ochepa kachira."

Kowalik anadikira kuti Haverty ameze sangweji yake.

"Wakuuzani ndani kuti ndi kachala ka kumanzere?"

Haverty anapukuta pakamwa. "Ndamva pa wailesi."

"Wailesi sinanene. Palibe amene wanena. Ndi dzanja lamanja, bambo Haverty, lonse. Dokotala akuti mafupa ake ali ngati mpunga. Akadzatha kugwira supuni adzathokoze Mulungu."

Nkhope ya Haverty inatuwa, kenako inafiira. Kowalik ankaganiza kuti mwina afunsa ngati mnyamatayo watsitsimuka, kapena ngati mayi ake amva. Koma bwanayo anatambasula mkono, anamatula khadi la Tavion, n'kuliponya m'bini momwe munali zotsala za sangweji.

"Kwezani wopanda mutu uja," anauza anthu ake. "Mumuimbire womuyimira wake pompano." Kenako anatembenuka. "Sajeni, mafunso otsalawo mukafunse maloya anga. Ali pa nsanjika yapamwamba, ndipo ndi ambiri."

*

Mayi Dolores Quintero ankagulitsa khofi ndi madonasi moyang'anizana ndi jimu ija, ndipo ankalankhula ngati wailesi yosowa pozimitsira.

"Lamont? Mwana wabwino ameneyo, Ambuye amudalitse. Ine ndinkamuonera ali kusekondale. Woyamba kuponya m'banja limene lija anali iyeyo, mukudziwa? Tav nthawi imeneyo anali kamwana ka mamina, kotola mipira. Phewa lija likanapanda kuthyoka ku yunivesite, bwenzi lero tikunena zina. Aa, basi, dziko ndi choncho. Donasi mudya? Tengani, apolisi salipira pano."

"Lero anabwera?"

"Anabwera, ee. Makapu awiri, monga masiku onse. Koma anayamba walowa ku bafa. Madzi kumangotayika, kumangotayika. Ine ndinachita kugogoda kuti, iwe, ukusamba thupi lonse mmenemo? Atatuluka ndinati, wa Tav wopanda shuga, eti? Iye akuti, 'Thirani mulimonse, samwa.'"

"Anatero?"

"Ndi makutu angawa. 'Samwa.' Ndinkati mwina ayambana."

"Ndiye anathamangira ku jimu?"

"Kuthamanga? Anakhala pa mpando uwo, n'kumayang'ana kunja. Anamwa khofi wake yense mpaka kupendeketsa kapu. Ambulansi inabwera iye atawoloka kale." Apa Mayi Dolores anasiya kupukuta tebulo, mawu awo omwe atawafika m'makutu. "Mayi apolisi, mukufuna kunena kuti nthawi yonse ija mwana uja anali..."

Kowalik anabweza donasi lija pa mbale.

*

Dzuwa litapendeka anafika kuchipatala. Tavion anali chigonere, mkono wamanja utakulungidwa mpaka m'chigongono n'kupachikidwa pa chitsulo. TV ya pakhoma inali itayamba kuonetsa holo yodzaza anthu, anyamata ovala masuti atakhala ndi makolo awo kudikira mayina. Lamont anaima pawindo. Pambali pa bedi, pa njinga ya olumala, panali mayi awo, a Ernestine Birdsong, atavala diresi ndi chipewa zimene anagulira tsikuli.

"Mayi, mwina mukanadikira panja pang'ono," anatero Kowalik.

"Ana anga sandibisira kanthu. Nenani."

Kowalik anatulutsa wotchi ija ili m'kapepala ka pulasitiki n'kuiika pa bulangete.

"Tavion, wotchi umavala dzanja liti?"

Mnyamatayo anaiyang'ana. Milomo yake inali youma. "Lamanzere."

"Unaivula wekha n'kukaiika pawindo kuti isasweke. Thawulo unalipinda wekha, n'kuliluma kuti usakuwe. Munthu wodzidzimutsidwa kuchokera kumbuyo sakhala ndi nthawi yopinda thawulo. Iwe unkadziwa kuti chitsulo chikubwera. Unkadziwanso dzanja limene chikugwera, kapena unkaganiza kuti ukulidziwa."

"Tav," anatero mayi ake, "akunena chiyani mayiwa?"

Misozi inatsika m'mbali mwa nkhope yake n'kulowa m'makutu. Analibe dzanja lomasuka loti apukutire, chifukwa lamanzere linali ndi diripi.

"Amayi, ndikanapita kumadzulo, akanamakuonani ndani? Makina a impso aja simungawasiye, ndege simungakwere. A Haverty anauza achimwene kuti kachala kamodzi kokha, kuti matimu enawo achite mantha, ine ndigwere kwathu konkuno. Achimwene akanapatsidwa ntchito yophunzitsa oponya. Tonse tikanakhala pamodzi."

"Ndiye unagwada," anatero Kowalik.

"Ndinagwada. Lamanzere ndinaliyala pabenchi. Lamanja ndinagwira nalo m'mphepete kuti ndisagwe. Ndinatsinzina."

Kowalik anatembenukira pawindo. "Bambo Lamont, kachala ndi dzanja n'zosiyana. Kumanzere ndi kumanja n'kosiyananso. Ndipo dokotala akuti chitsulocho sichinatsike kamodzi kokha."

Lamont sanakane, sanathawenso. Anangochoka pawindopo n'kudzaima ku miyendo ya bedi.

"Auze zimene unanena, Tav. Auze amayi."

Tavion anatseka maso.

"Chabwino, ndinena ine. Ndinaima nacho chitsulo chija m'manja. Mwana amene ndinkamusintha matewera inu amayi muli ku ntchito. Ndinalephera. Ndinati, Tav, tizisiye izi, upite kumadzuloko, amayi ndiwasamala ine. Ndiye analavula thawulo. Akuti, 'Fulumirani, achimwene. Kuponya kunakukanikani, sukulu inakukanikani, ndiye kachala kakukanikeninso? Kodi chimene mumatha n'kunyamula zikwama basi?'"

"Ndimangofuna mukwiye kuti muchite msanga," ananong'ona Tavion.

"Ndinakwiya."

"Achimwene..."

"Dzanja limenelo ndinaliumba ndine. Kuseri kwa nyumba, chisanu chikugwa, ndikukuika zala pa ulusi wa mpira chimodzichimodzi. Pa TV unkati unaphunzitsidwa ndi Mulungu. Ndipo inu amayi, tsiku limene phewa langa linathyoka munafika kuchipatala chomwe chino. Mukukumbukira funso lanu loyamba? Munati, ndiye Tav azimuperekeza ndani ku masewera?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Nditayang'ana pansi m'mawa muja ndinaona manja awiri pabenchi. Ndinasankha. Lero si tsiku losankha kodi?"

Kowalik anali atamangapo anthu ambiri. Ena ankalira, ena ankatukwana. Uyu anapereka manja ake yekha, ali ndi nkhope ya munthu amene watula katundu. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Palibe amene ananenapo kuti sichithyoka.

"Haverty munkalankhula naye pa foni?" anafunsa akumumanga maunyolo.

"Iye uja? Ayi. Pamalo oimika magalimoto, awiriwiri, ndipo anayamba wandisecha m'matumba. Mukamufunsa adzati sakundidziwa."

Kowalik ankadziwa kuti n'zoona. Mawu a munthu wophwanya mng'ono wake sakanalemera kanthu pamaso pa nsanjika yonse ya maloya. Anamutulutsa Lamont n'kumukhazika pa benchi ya m'khonde, wapolisi wina akumulondera, iye n'kubwerera m'chipindamo.

Palibe amene anazimitsa TV. Timu ya kumadzulo ija inali itasankha kale wina. Mayina ankatuluka limodzi ndi limodzi, ndipo mnyamata aliyense ankakumbatira mayi ake, kulira, kuvala chipewa cha timu yake yatsopano. Tavion ankaonera osaphethira. Ena mwa anyamatawo anawagonjetsapo pabwalo. Pansi pa kanemayo panalembedwa kuti tsopano yafika nthawi ya Delmont.

Foni ya Tavion inalira pa kabati.

Mu ligi imeneyi mwana aliyense amakula akulota kulira kwa foni kumeneku, chifukwa timu isanalengeze dzina imayamba yamuimbira mwini wakeyo. Mayi Ernestine anaitola.

"Ndi iwo! Tav, ndi nambala ya timu! Sanakutaye, mwana wanga, Yesu ndi wamoyo, sanakutaye!"

Anadina kuti onse amve. Mawu anali a mtsikana, okoma ngati uchi.

"Moni, ndikuimba kuchokera ku ofesi ya a Haverty. Timu yonse ikukupemphererani pa nthawi yovutayi. Ndimangoti ndikukumbutseni za jezi imene tinatumiza kunyumba kwanu. Mnyamata amene tikumusankha afika mawa kudzajambulidwa, ndiye dalaivala abwera m'mawa kudzaitenga. Dzina la kumsanalo musavutike nalo, tisomola tokha. Zikomo, mukhale ndi madzulo abwino."

Foni inaduka. Pa TV anatchula dzina la woponya wina, uja Haverty ankati m'mutu mulibe kanthu, ndipo holo yonse inaphulika ndi chimwemwe. Tavion anayesa kutembenukira kukhoma, koma mkono wopachikidwawo unamukoka. Anakhala chomwecho, chagada, akuonera.

Kowalik anagwada pafupi ndi njinga ya mayiwo. Timu yolemera chonchija sikanasowa jezi ina yoti mnyamata ajambulitse. Haverty sankafuna nsalu, ankafuna kufafaniza umboni.

"Mayi, jeziyo inafika liti?"

Mayi Ernestine ankayang'anabe foni ija. "Dzulo masana. M'bokosi, ndi riboni. Dzina lake lili kumsana."

"Dzulo. Dzanja lisanaphwanyike, ndiponso aliyense akudziwa kuti Delmont singamufikire." Kowalik anaimirira. "Musampatse munthu aliyense. Tikaitenge limodzi pompano, dalaivala wawoyo akapeze bokosi lopanda kanthu."

Mayiwo anaika foni ija pa bedi. Anavula chipewa chawo chatsopano n'kuchiika pamiyendo. Kowalik anagwira zogwirira za njingayo n'kuwakankha kutuluka nawo.

M'khonde muja Lamont atawaona anaimirira, maunyolo akulira. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo nkhope yake inagwa, n'kuoneka ngati ya mwana.

"Amayi."

Mayi Ernestine anakweza dzanja, Kowalik n'kuimitsa njinga. Anamuyang'ana mwana wawo woyambayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira, ngati akuyang'ana chinthu chimene anagula kalekale n'kuiwala chifukwa chake.

"Ukanaphwanya lako," anatero. "Linalibe kale ntchito."

Kenako anagogoda pa chitsulo cha njingayo. "Tiyeni, mayi apolisi."